Munthu Amene Ndinamupha Lachiwiri

Zaka khumi ndi zinayi ndasenza matumba
pa shedi ya kuseri kwa njanji kuno ku Salima,
mpaka phewa lakumanja linatsika,
malaya aliwonse amandikhala mopendekeka.
Lachiwiri lija anandikhazika pampando wapulasitiki
m'kachipinda ka makalaliki,
nandiveka chigoba chakuda kumaso.
"Musaope, a Chimbalanga," anatero Asiyatu,
mwana woti ndikanatha kum'bereka,
"zimene muone m'menemo kulibe."

Kulibe? Nanga denga lalitali ili?
Mashelefu awa okanda mitambo,
pansi posalala ngati mbale ya alendo?
Shedi yopanda khoswe,
yopanda fumbi la soya lotsamwitsa,
yopanda fungo la mankhwala a anankafumbwe.
Ndinayang'ana manja anga:
avala magolovesi achikasu, alibe zipsera.
Sanali anga.

Fokolifiti inadzuka pansi panga osabangula.
Mano ake awiri ndinawalowetsa m'mphako za phaleti,
ndinakoka kandodo,
tani yathunthu n'kunyamuka ngati dengu lopanda kanthu.
Msana wanga unadikira ululu.
Ululu sunabwere.
Ndinaseka ndekha, makalaliki nawo n'kundiseka.

Ndiye pakona ya mzere wachitatu
ndinaiwala kuliza huta.
Katundu ndinali nditamukweza kwambiri, njira osaiona.
Anatulukira munthu wa chisoti choyera,
wankhope yofufutika, woyenda ngati akulota,
matumba makumi awiri n'kumukhuthukira, khu!
Dziko lonse linafiira.

Ndinazula chigoba kumaso, thukuta lili chuchuchu,
m'mimba mukutembenuka ngati ndakwera matola a ku Thavite.
"Palibe kanthu," anatero Asiyatu akudina batani,
"taonani, wadzuka. Yambiraninso."
Anadzukadi, chisoti chili mbee,
nayambanso ulendo wake womwe uja.

Yotamu sanadzuke.
Chaka chimene mulu wa feteleza unagumuka
tinamufukula ndi manja, anthu asanu ndi mmodzi,
ndipo panalibe batani pakhoma lililonse.
Tinamunyamula pachitseko mpaka kumsewu.
Mkazi wake amagulitsa zitumbuwa pa Kamuzu Road.
Ine ndimadzera tsidya linalo.

Ndinamupha katatu munthu uja Lachiwiri.
Lachitatu kamodzi.
Lachinayi magetsi anazima tili pakati,
ndinatsala mumdima, manja ali m'malere,
nditagwira chiwongolero cha mphepo.
Lachisanu ndinatsitsa mano mpaka m'akakolo,
ndinaliza huta pakona, ndinaima.
Anadutsa.
Sanandicheukire, sanathokoze.
Ndinamupatsa dzina mumtima, koma sindikuuzani.

Panja anzanga anali pamthunzi wa lole,
nkhata zili pamaondo,
akuwerengera pazala:
galimoto imodzi ya mano awiri,
misana khumi ndi iwiri yopanda ganyu.
"Walowa sukulu ya maloto iwe," anatero Sikelo
akutafuna mzimbe, maso ali kwina,
"ukadzadzuka udzatikumbuke."
Ndinasowa chomuyankha.
Akuti yeniyeniyo ifika mwezi wamawa pa sitima,
yonunkha dizilo, yolemera kuposa ng'ombe zisanu,
ndipo imeneyo ikagunda, yagunda.

Usiku ndikatseka maso mashelefu aja amabwerera.
Mayi a kunyumba akuti phazi langa limaponda buleki m'tulo,
buleki yake n'kukhala katumba wawo.
Ndimadzuka, ndimakakhala pakhonde,
ndimasisita phewa lotsika lija
ngati galu wokalamba amene sadzapitanso kosaka,
kenako chala chachikulu chimayamba chokha pabondo:
pii, pii,
pakona iliyonse,
ngakhale pamene ndikudziwa kuti palibe munthu.